Ndinalemba Kuti A Kalisto Akana

Lolemba, 5 Meyi 1919

Kope ili linali la alongo anga a Dziwani. Masamba asanu ndi limodzi analembamo masamu, otsalawo ngoyera. Ndayambira kumbuyo kuti ndisakhudze zawo.

Kuzizira. Nyemba zauma kumunda, mbewa zayamba kale.

Masana kunabwera a Gervazio, aphunzitsi athu akale a kusukulu ya mishoni. Akuti bungwe lija anayambitsa m'Malichi, la Eni Dziko a ku Mapiri, likufuna munthu wolemba zokambidwa pamisonkhano. Mlembi wa komiti ndi iwowo, koma chidwalire fuluwenza dzanja lawo limanjenjemera. Amayi anati kodi amuna odziwa peni atha? A Gervazio akuti: "Amuna amalemba zimene akuganiza. Filomena amalemba zimene wamva. Ndiponso salankhula." Ine ndili pomwepo, ndikusenda mbatata. Ngati akusankha mbuzi yosalira.

Ndinati sindingathe. Anapemphanso, ndinati ndine mwana. Kachitatu ndiye ndavomera. Munthu woleredwa salumphira chinthu.

Sindinavomere chifukwa cha iwo. Bungweli likulemba kalata ya ku Boma, ndipo m'kalatamo mukhala mayina a amtengatenga onse a kuno amene sanabwerere kunkhondo. Anthu makumi atatu ndi mmodzi, a ku Lobi, Chongoni ndi Kabwazi. A Dziwani ali pa nambala 9. Funso ndi limodzi: ali moyo kapena anamwalira, ndipo ngati anamwalira anaikidwa kuti? Zaka ziwiri amayi akukana kumeta maliro. Akuti sangamete mwana amene mwina ali panjira. Lumo lili patsindwi, lachita dzimbiri. Mkeka wa a Dziwani amauyanikabe padzuwa Loweruka lililonse.

Lachitatu, 7 Meyi

Tsiku lonse kwa a Gervazio, kukopera malamulo a bungwe. Khumi ndi awiri. Tebulo lawo ndi lopendekeka, ndinaika phale kunsi kwa mwendo. Inki sindinadonthetse ngakhale pamodzi.

Mmene zilili. Komiti ndi amuna asanu ndi awiri. Pamsonkhano waukulu anthu amatchula amene akumufuna, komiti imapenda dzinalo, kenako amamufunsa mwiniwake pabwalo, ayankhe anthu akumva. Akavomera, ndiye pulezidenti. Iyeyo ndi amene adzanyamule kalata kupita nayo ku Boma. Akutinso adzapita kukakumana ndi mabungwe a kumpoto, kuti dziko lonse lizilankhula ndi pakamwa pamodzi.

Lamulo lachisanu: "Wokana mpando pamaso pa msonkhano, dzina lake lichotsedwe, asatchulidwenso chaka chimenecho." Ndinalemba bwinobwino, mzere wowongoka. Sindinaganizepo kanthu.

Pobwera ndinakumana ndi a Dorika, ofulula mowa aja, atasenza nkhuni. "Iwe kalaliki wa chilundu, pulezidentiyo n'chiyani, chimadyedwa?" Ndinati ndi ngati mfumu, koma ya bungwe. Akuti ndiye tizingoti mfumu, lilime lingathyoke. Mwana wawo Ganizani naye ali pamndandanda, nambala 22.

Mayina ali pakamwa pa anthu ndi awiri. A Kalisto: anapita limodzi ndi a Dziwani, anasenza mabokosi a zipolopolo chaka ndi theka, anabwera opanda zala ziwiri za kuphazi. Ndi amene anayenda mudzi ndi mudzi kutolera mayinawo. Kulemba sadziwa, anawasunga pamtima ndi pamfundo za chingwe. Enawo a Alufeo, mkamwini wa a Dorika omwewo. Kapitawo. Amene ankabwera ndi chingwe chinanso kudzagwira anthu a tengatenga. A Dziwani anawatenga kumunda, khasu linatsala litaima pamzere. Iwowo sanapite kulikonse. Ananenepa.

A Alufeo ali m'komiti. A Kalisto mulibe.

Loweruka, 10 Meyi

Msonkhano waukulu pansi pa kachere pa Kabwazi, kufupi ndi nyumba ya a Gervazio. Anthu ochuluka kuposa a pa Pasaka. Akhristu mbali iyi, a kudambwe mbali iyo, koma lero sananyozane. Ine pakampando pambali pa tebulo, maso onse pa ine. Ndinangoyang'ana pepala.

A Gervazio atafunsa kuti mukufuna yani, bwalo lonse: "Kalisto! Kalisto!" Nthungululu. Dzina la a Alufeo analitchula munthu mmodzi, mphwawo. Ndinalemba onse awiri.

A Kalisto anadzuka motsimphina, chipewa kumanja. "Aa, ine ayi. Ndine mwana. Alipo akuluakulu pano, ine ndingathe chiyani?" Anthu kuseka, kuwomba m'manja. Wina kumbuyo: "Thawa uone, Kalisto, tikugwira!" Ndi mmene zimakhalira. Woti alowe ufumu amakana, mwina kuthawa kumene, ndiye anthu amamugwira, n'kumuthira ufa pamutu. Wovomera msanga ndi wadyera, ameneyo anthu amamuopa.

A Gervazio anawerama. "Walemba?" Ndinati ndalemba. "Walemba chiyani?" Ndinawaonetsa: A Kalisto akana. Anagwedeza mutu. Mawu a kumbuyo aja anati ndisalembe, m'buku simulowa phokoso.

Ndimadikira kuti awafunsenso kachiwiri. Mvula ya mawawa inayamba, a Gervazio anatseka buku kuti lisanyowe, n'kunena kuti zotsala komiti imaliza, tidzakumanenso pa 31. Anthu anabalalika akuimba.

Amayi adya bwino lero. Koyamba.

Lamulungu, 11 Meyi

Titatuluka m'tchalitchi a Kalisto anandiimitsa. "Mlongo wake wa Dziwani, wandilemba bwino? Usandilembe wonyansa, akazi anga angandithawe." Ndinaseka, ndinabisa nkhope. Akuti akazi awo achapa kale malaya oti adzavale ku Boma. Malayawo ndi amodzi omwewo, ndiye mpaka tsikulo aziyenda ndi bulangeti.

Anandiuzanso za a Dziwani, ngakhale ndazimva kambirimbiri. Anawasiya pamsasa wa odwala pafupi ndi mtsinje waukulu, kudziko la Apwitikizi, akutsekula m'mimba koma akulankhula. Anawasiyira mchere. Mzungu wa pamsasapo analemba dzina m'buku la chikuto chofiira, iwo akuona. "Bukulo lilipo penapake. Ndikakhala pakhonde la Boma mpaka atalitsegula. Kukhala ndimatha, phazi ili ndi loti silifuna kuyenda."

Amayi ndi a Dorika agwirizana zosinja ufa woti adzawathire a Kalisto pamutu.

Lachitatu, 14 Meyi

Ndapsa mtima. Zilembo zikupindika, ndilibe nazo ntchito.

Komiti inakumana m'nyumba mwa a Gervazio, chitseko chotseka dzuwa likuswa mtengo. Anati ndiwerenge za Loweruka. Ndinawerenga. Nditafika pa "A Kalisto akana" a Gervazio anati imira pomwepo, werenga lamulo lachisanu. Ndinawerenga. Kenako a Gervazio, mofatsa ngati akupemphera: "Ndiye abale, dzina latsala limodzi."

A Alufeo maso kudenga, ngati akuwerenga mapaso.

Mkulu mmodzi wa ku Lobi anayesa. Kodi si mmene timakanira tonse? Ndi mfumu iti inavomera tsiku loyamba? A Gervazio akuti zimenezo ndi za kumudzi, lino ndi bungwe, limayendera zolembedwa. "Mzungu akadzafunsa buku, tidzamuonetsa nthungululu?" Manja anakwera asanu. Wa ku Lobi uja anakweza mochedwa, theka. Wachisanu ndi chiwiri ndi a Alufeo eniake. Anangopinda manja, akuti sangadzisankhe okha. Ulemu umenewo!

Amadziwa. A Gervazio amadziwa. Chaka chimene anawapatsa sukulu anakana katatu, anakabisala kudimba, amayi amaseka nazo mpaka lero. Lamulo lachisanu analitchera dala, msampha, ndipo chingwe cha msamphawo ndine. "Amalemba zimene wamva." Ine ndimayesa akundiyamikira.

Ndinalemba: Komiti yasankha a Alufeo. Ndinathira mchenga kuti inki iume. Ndinawongola ngodya ya tsamba. Chitsiru.

Lachinayi, 15 Meyi

Kuzula nyemba. Amayi akuimba pamzere. Sindinawauze.

Lolemba, 19 Meyi

Zamveka. Mphwawo wa a Alufeo anaziulula pamowa.

Pachitsime akazi anasiya kulankhula nditafika. A Dorika sanasiye. "Ndi uyu! Kalaliki wathu. Iwe, sukulu inakudya makutu? Mlendo akati ndakhuta, umamuchotsera mbale?" Ndinati ndinalemba zimene ananena. "Zimene ananena! Nanga iwe tsiku lodzakufunsira mbeta udzati inde pomwepo, ngati nkhuku yaona chimanga?" Onse kuseka. Ndinatunga theka la mtsuko, ndinathawa.

Amayi sanandikalipire. Bola akanatero. Ufa uja authira mumphika, avundikira ndi lichero, auika kuseri kwa chitseko. Mawu amodzi okha: "Dzina la mlongo wako walifufuta ndi dzanja lako."

Sindinafufute. Sindinanamepo chilembo chimodzi. Chikundiwawa n'chimenecho. Ndikananama zikanakhala bwino.

A Kalisto ndinawaona patali akumanga nkhokwe. Malaya aja avala.

Lachitatu, 21 Meyi

Kalata yatsopano. A Alufeo akunena, a Gervazio akukonza, ine ndikulemba. Yayamba ndi kuthokoza Boma chifukwa cha mtendere. Kenako msewu, mlatho, chilolezo choti a komiti azivala chizindikiro pachifuwa. Za amtengatenga mzere umodzi kumapeto: "Tikumbukiranso ana athu amene anatumikira." Mayina mulibe. Funso mulibe.

A Alufeo: "Azungu sakonda kalata yaitali. Ndimawadziwa ine." Inde mumawadziwa. Anthu makumi atatu ndi mmodzi, onse munawamanga ndi manja anu, mungawanyamule bwanji m'thumba?

Atachoka ndinalimba mtima. Ndinagwada, ndinati aphunzitsi, ndiloleni ndiwonjezere m'buku kuti kukana kwa a Kalisto kunali kwa ulemu. Sanakalipe. Akuti ndine mwana, sindikumbuka za ku Chiradzulu zaka zinayi zapitazo, mmene anthu ananyongedwera. "Kalisto akakakhala pakhonde paja, bungwe alitseka, ife atimanga. Alufeo azungu amamudziwa, amulola kulowa. Chaka chino tilowe kaye. Mayina chaka chamawa."

Ndinati amayi ali ndi chifuwa, za chaka chamawa sindikudziwa. Anati: "Buku silisinthidwa, Filomena. Ndinakuphunzitsa ndine."

Anatuluka kukaona mbuzi, buku lili chitsegulire. Kampeni kawo kosongolera pensulo kali patebulo. Mawu atatu okha, kupala pang'ono, sakanadziwa msanga. Ndinakagwira. Ndinakabwezera. Kaya ndi chilungamo kaya ndi mantha. Ndikudana nazo zonse ziwiri.

Lachisanu, 23 Meyi

A Alufeo abwera kunyumba ndi mchere pakansalu. Akuti amva kuti amayi sakupeza bwino. Akuyenda nawo khomo ndi khomo kwa amene ana awo sanabwerere. Amayi anati ayi. Anakakamiza, amayi anati ayi. Kachitatu amayi anatembenuka, n'kuwapatsa msana, mpaka anachoka ndi mchere wawo.

Ndinaona bwino. Kukana kwenikweni sikubisika. Munthu saseka, savula chipewa, sanena kuti ndine mwana. A Kalisto tsiku lija ankamwetulira. Maso anaona, koma a Gervazio anandilemba ntchito ya makutu okha.

Mchere m'nyumba mulibedi. Ndiwo za nyemba zosathira kanthu. Palibe anadandaula.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinakumana ndi a Kalisto panjira ya kudimba, kothawira kunalibe. Ndinati mundikhululukire. Akuti: "Walemba zoona, ndinakanadi. Nanga ndikanati chiyani? Ndilumphe ngati galu waona fupa, amayi anga ali pomwepo?" Anaseka pang'ono, koma chingwe cha mayina chija anali akuchipotapota m'manja. Akuti zimene aphunzitsi akunena za iwo azimva, mwina n'zoona, munthu wa zala zitatu sangalankhule ndi Boma. Pamenepo ndinapsa mtima ndi iwonso. Zala za kuphazi zimalankhula?

Sindinanene. Ndine uja wosalankhula.

Lachiwiri, 27 Meyi

Kumenya nyemba, kupeta, chifuwa cha amayi. Pachitsime ndimapita masana, kulibe anthu.

Lero a Dorika anandipeza komweko dala. Ndinafuna kuthawa, anandigwira nsalu. "Khala pansi. Lamulo lakolo, tandiuza monga linalembedwera, usandikometsere." Ndinalinena pamtima, liwu ndi liwu. Anati bwereza. Ndinabwereza.

"Wokana. Wokana aliyense, kapena Kalisto yekha?" Ndinati lalembedwa wokana, silinatchule munthu. Anafunsa ngati Loweruka akamwini awo adzafunsidwa pabwalo. Ndinati inde, lamulo lachinayi limatero, koma a Gervazio awaphunzitsa kale kuti akangofunsidwa anene kuti ndavomera. Ndinawamva akuyeserera kuseri kwa khola. A Dorika anaseka mpaka kutsokomola. "Akuyeserera pamaso pa mbuzi! Mbuzi si apongozi."

Kenako nkhope inasintha. "Iwe udzangochita ntchito yako yoipa ija. Zimene wamva."

Akuti mawa apita ku Chongoni kukatenga amalume awo a Alufeo, nkhalamba imene inawalera. Mwana wamkazi wa a Dorika, akazi a Alufeo, akulira, akuti amayi mukundipasulira banja. A Dorika akuti banja limamangidwanso, Ganizani ndiye sabadwanso.

Ndikuopa. Kulemba ndilemba. Koma akadzati ndiwerenge pagulu?

Loweruka, 31 Meyi

Ndilembe mwadongosolo, ndisadumphe.

Anthu ochepa poyerekeza ndi tsiku lija, nkhope zolimba. A Kalisto kumbuyo kwenikweni, atatsamira mtengo. A Alufeo m'jekete lakuda lobwereka, manja ake aafupi, nsapato zikulira.

A Gervazio anafotokoza za lamulo lachisanu. Kung'ung'udza, koma palibe anadzuka. Buku limaopsa anthu, ambiri pano sanaligwirepo.

Pamenepo a Dorika analowa pakati pa bwalo ndi mphasa. Anaiyala kutsogolo kwenikweni kwa a Alufeo, mapazi kutsala pang'ono kukhudzana. Apongozi ndi mkamwini! Anthu oti akakumana panjira wina amalowa patchire. Pambali pawo anakhazika amalume aja, mutu mbuu, ndodo pamiyendo.

A Gervazio anafunsa mothamanga: a Alufeo, mukuvomera mpando?

A Dorika, mokoma ngati uchi: "Yankhani akamwini, timve. Tamva kuti mwakula m'mudzi mwathu muno." Amalume kungowayang'ana.

A Alufeo anavula chipewa. Anachivala. Anachivulanso. Thukuta, kuzizira konseku. Anayang'ana a Gervazio, anayang'ana pansi. "Aa, ine... ine sindingathe. Ndine mwana. Alipo akuluakulu..."

Peni inayenda yokha.

A Gervazio, monong'ona: "Zimenezo usalembe." Ndinati ndalemba kale. Ndinanena motsitsa, koma makutu a Dorika saphonya. "Kweza mawu, kalaliki! Walembanji?"

Ndinaimirira. Ndinawerenga: pa 10 Meyi, a Kalisto akana. Pa 31 Meyi, a Alufeo akana. Kenako lamulo lachisanu lonse. Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina. Chibadwire sindinalankhulepo pagulu la amuna.

A Gervazio anamenya tebulo, inki inatayika. "Kumeneku ndi kukana kwa ulemu chabe! Aliyense pano akudziwa!"

Mkulu wa ku Lobi uja, wokweza theka la dzanja, ndi amene anafunsa, pang'onopang'ono: "Nanga kwa Kalisto kunali kwa chiyani, aphunzitsi?"

Phokoso lake! Ena kukuwa kuti onse awiri abwerere, anthu asankhe. Ena kuti komiti yonse ichoke. Amalume aja anadzuka, anatsogola ndi ndodo yawo, a Alufeo pambuyo ngati mwana wogwidwa akuba nzimbe. A komiti otsalawo anathamangira m'nyumba, anatseka. Atatuluka akuti msonkhano waima, pulezidenti palibe mpaka komiti idzaone bwino. Kalata sipita, yaitali kapena yaifupi.

A Gervazio anandilanda buku m'manja, osandiyang'ana. "Ndimayesa ndiwe wofatsa." Ndinati ndine wofatsa, aphunzitsi, ndangolemba zimene ndamva.

Ndafika kunyumba. Inki pansalu yanga ya Lamulungu, sichoka. Amayi anandipatsa madzi, anandigwira paphewa.

Koma ndapindulanji? Kalata sipita. Mayina akadali pachingwe cha a Kalisto. Amuna asanu ndi awiri atsekera anthu makumi atatu ndi mmodzi kuseri kwa chitseko chimodzi, ndipo akuti n'dongosolo. Mtima ukadali moto.

Lolemba, 2 Juni

Dzulo a Gervazio sanandiyankhe moni kutchalitchi. A Alufeo akukhala kwa mphwawo, akazi awo sakulankhula ndi amayi awo.

Komiti ikuti idzakumana kukolola kukatha, mwina. A Dorika akuti ikakumane ndi mbuzi zake. Akuti mfumu chiyambire amaigwira ndi amayi, eni mbumba, osati amuna otseka chitseko masana. Anatuma mawu ku Lobi ndi ku Chongoni. Amayi a ana osabwerera aja, amene akadali moyo, asonkhana pakhomo pathu chiyambire mmawa. Ndawawerenga: khumi ndi asanu ndi anayi. Akuti akawagwira a Kalisto lero, komiti ifune isafune, ndipo mawa awaperekeza mpaka pakhonde la Boma.

A Kalisto kulibe. Akazi awo akuti atenga bulangeti ndi mbatata, alowera kuphiri. Ena akuti ndi mwambo, wogwidwa amayenera kuthawa. Ena akuti ndi mantha enieni, mawu aja a aphunzitsi awalowa. Ine sindikudziwa. Koma ndadutsa pakhomo pawo. Malaya aja ali pachingwe, ochapa.

Kalata. Pepala la bungwe ndilibe. Ndang'amba masamba atatu oyera m'kope lino, la a Dziwani. Amayiwo amabwera mmodzimmodzi, kunena dzina la mwana, mudzi, ndi mwezi umene anatengedwa. Amene amayi awo kulibe ndimawadziwa pamtima. Mayina makumi atatu ndi limodzi, ndawerenga kanayi. Kuthokoza mulibe. Funso ndi lija limodzi. Mwina ku Boma akaiponya pamoto osawerenga, popeza sinachokere kukomiti. Mwina a Gervazio akunena zoona, atimanga. Pansi ndaika dzina langa: Filomena, wolemba.

Tsamba latsala ili lokha.

Amayi atulutsa mphika wa ufa kuseri kwa chitseko. Akutsokomola, koma akuti phirilo akwera. Akundiitana panja, akuti kalata ndiibise mkati mwa nsalu.

A Kalisto akakana, akane kaya kakhumi. Peni ndikuisiya pano.